Nkhondo ya ku Iraq ndi ntchito yomanganso dzikolo: n'chifukwa chiyani andale ankabwerako ndi nkhani zosiyana?

Mayi Nasibeko:
Abale ndi alongo, masiku apitawa ndakhala ndikuwerenganso mbiri ya nkhondo ya ku Iraq, imene America ndi Britain anaiyambitsa mu Marichi 2003, ndipo pali funso limene landisautsa moti ndaona kuti ndilitule kwa inu. Pa 17 Novembala 2005, John Murtha, phungu wa ku Pennsylvania amene anamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam ndiponso anavomereza nkhondo ya ku Iraq mu 2002, ananena poyera kuti asilikali a America achita zonse zimene akanatha, kuti kukhala kwawo kumeneko n'kumene kukukolezera moto wa zigawenga, choncho achotsedweko. Pasanathe masabata awiri, Joe Lieberman wa ku Connecticut, wa chipani chomwecho cha Democratic, analemba m'nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti iye waona ndi maso ake kuti zinthu zikusintha, natchula magalimoto ochuluka m'misewu, madishi a wailesi yakanema pamadenga ndi mafoni a m'manja amene anthu analibe kale. Onse awiri anapitako ku Iraq ndipo onse anakambirana ndi akuluakulu a asilikali. Kodi mmodzi wa iwo ankanama, kapena pali china chimene chinkawachititsa kuona dziko limodzi ngati mayiko awiri?

Bambo Kachingwe:
Mayi, ine ndagwira ntchito ya zomangamanga zaka zambiri, ndiye ndiyankha monga munthu wodziwa mmene lipoti la ntchito limalembedwera. Sindikhulupirira kuti pankafunika bodza kuti anthu awiriwa asiyane. Pa ntchito iliyonse yaikulu pamakhala ziwerengero zingapo, ndipo chilichonse chimakhala choona pachokha: ndalama zimene zavomerezedwa, ndalama zimene zasainiridwa m'makontrakiti, ndalama zimene zalipidwadi, ntchito zimene zayambika, ntchito zimene zaperekedwa kwa eni ake, kenako ntchito zimene zikugwirabe pakatha chaka. Wofuna kuonetsa kuti zinthu zikuyenda amatchula ziwerengero zoyambazo, pamene wofuna kuonetsa kuti zakanika amatchula chomalizacho.

Tengani nkhani ya magetsi. Nkhondo isanayambe, Iraq inkapanga magetsi opitirira pang'ono megawati 4,000, ndipo boma la Saddam Hussein linkakondera mzinda wa Baghdad, madera ena n'kumakhala mumdima. Paul Bremer, amene analamulira dzikolo kuyambira Meyi 2003 mpaka Juni 2004, analonjeza megawati 6,000 pofika pakati pa 2004, koma sanafikepo. Nthawi yomweyo magetsi anayamba kugawidwa mofanana m'zigawo zonse, ndipo popeza misonkho ya katundu wolowa m'dziko inachotsedwa, anthu anagula mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba ochuluka, kufunika kwa magetsi n'kukwera kuposa kale. Ndiye wandale wina akanena kuti zigawo za kum'mwera zikulandira magetsi ambiri kuposa m'nthawi ya Saddam ankanena zoona, ndipo wina akanena kuti banja la ku Baghdad likudalira jenereta ya munthu wapafupi amene amaligulitsa magetsi pa waya, nayenso ankanena zoona.

Bambo Mvula:
Bambo Kachingwe, zimene mwanenazi ndazimva, koma ndikuopa kuti tikayamba motere tithera kunena kuti onse amene ankaona zabwino anali anthu osewera ndi manambala. Chaka chomwecho cha 2005 anthu a ku Iraq anavota katatu: pa 30 Januwale, pa 15 Okutobala povomereza malamulo oyendetsera dziko, ndi pa 15 Disembala posankha nyumba ya malamulo, ndipo ulendo womalizawu Asilamu ambiri a gulu la Asunni amene ananyanyala chisankho choyamba anavota nawo. Anthu anapita kukavota akudziwa kuti angathe kuphulitsidwa pamzere. Lieberman akaona zimenezo n'kunena kuti pali chiyembekezo, ine sindingamuimbe mlandu. Munthu amene anakhala zaka zoposa 20 pansi pa Saddam, mwina m'bale wake ali m'manda a anthu ambirimbiri, sankayeza moyo wake ndi maola a magetsi okha.

Mayi Nasibeko:
Pa zisankhozo sindikutsutsani, Bambo Mvula. Chimene chimandivuta ndi mawu amene ankapitirira malire a zimene wolankhulayo akanatha kudziwa. Pa 1 Meyi 2003 Pulezidenti George W. Bush anaima pa sitima yankhondo ya USS Abraham Lincoln n'kulengeza kuti nkhondo yaikulu yatha, kumbuyo kwake kutapachikidwa nsalu yonena kuti ntchito yatheka. Kumapeto kwa Meyi 2005 wachiwiri wake, Dick Cheney, ananena pa wailesi yakanema ya CNN kuti zigawenga zili pafupi kutsirizika. Mwezi wotsatira mkulu wa asilikali a America m'chigawo chonsecho, John Abizaid, anauza aphungu a nyumba ya Senate kuti mphamvu za zigawengazo zinali ngati mmene zinalili miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Ndipo amene ananena kuti ofesi ya pulezidenti yatalikirana ndi zenizeni sanali wa chipani chotsutsa ayi, anali Chuck Hagel wa chipani cha Bush chomwecho cha Republican. Apa sitinganene kuti anthu ankayeza ndi miyeso yosiyana. Wina analankhula zimene ankalakalaka ngati kuti zachitika kale.

Chisomo Tembo:
Makolo anga, ine nkhondoyi inkachitika ndili wamng'ono, choncho ndikufunsa kuti ndiphunzire. Ndinamvapo za ulendo wa John McCain, phungu wa Senate wa chipani cha Republican, pa msika wina wa ku Baghdad umene unabutsa mkangano waukulu. Kodi chinachitika n'chiyani, ndipo kodi maulendo otere a aphungu ankawathandiza kudziwa zoona?

Mayi Nasibeko:
Mwana wanga Chisomo, zinachitika pa 1 Epulo 2007 pa msika wa Shorja, msika waukulu ndi wakale wa mumzindawo, umene mabomba anaphapo anthu ambiri mu Febuluwale chaka chomwecho. McCain anayendamo pamodzi ndi aphungu anzake Lindsey Graham ndi Mike Pence, ndipo atatuluka anauza atolankhani kuti anthu a ku America sakuuzidwa nkhani yonse ya mmene chitetezo chikusinthira. Pence anayerekeza msikawo ndi msika wamba wa kwawo ku Indiana m'nyengo yotentha. Koma zinadziwika kuti anavala malaya oteteza ku zipolopolo, anazunguliridwa ndi asilikali pafupifupi 100, ndipo ndege za helikopita zinali kuzungulira pamwamba pawo. Atolankhani atabwerera pamsikawo tsiku lotsatira, amalonda anawauza kuti zimene alendowo anaona si mmene iwo amakhalira masiku onse. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Phungu amene watera ndi ndege, wayendetsedwa ndi asilikali, wagona m'dera lotchingidwa ndi makoma la Green Zone n'kunyamuka m'mawa mwake, amaona zimene womuyendetsayo wasankha kumuonetsa, kaya phunguyo ndi wokonda nkhondoyo kapena wodana nayo.

Bambo Mvula:
Ulendo wa pamsikawo unali wolakwika, ndipo McCain mwini anavomereza pambuyo pake kuti sanalankhule bwino za chitetezo cha mu Baghdad. Koma tiyeni tinene nkhani yonse. Mwezi womwewo, pa 19 Epulo 2007, mtsogoleri wa aphungu a Democratic mu Senate, Harry Reid, ananena kuti nkhondoyo yaluzika kale, pamene asilikali owonjezera amene Bush analengeza mu Januwale anali asanafike onse. Asilikali owonjezerawo anakwana pafupifupi 30,000. Chaka cha 2007 chinali choipitsitsa kwa America, chifukwa anataya asilikali pafupifupi 900, koma mu 2008 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 300 ndi ochepa, ndipo imfa za anthu wamba nazo zinatsika kwambiri. McCain anali atanena kuyambira 2003 kuti asilikali ndi ochepa, ndipo anatsutsana poyera ndi nduna ya zachitetezo Donald Rumsfeld pa nkhaniyi, pa nthawi imene kutero kunali kudzidanitsa ndi chipani chake. Ngati tikumukumbukira chifukwa cha msika, timukumbukirenso chifukwa cha zimenezi. Ndipo ngati Cheney analankhula zimene ankalakalaka, Reid nayenso anachita chimodzimodzi, kungoti iye anayang'ana kumbali ina.

Bambo Kachingwe:
Pa Reid mwanena zoona. Koma kutsika kwa ziwawa kumene mukunenaku kunali ndi magwero angapo, ndipo andale a mbali iliyonse ankasankha gwero limodzi lokha. Mafumu a Asunni a m'chigawo cha Anbar anatembenukira gulu la al-Qaeda kuyambira mu 2006, asilikali owonjezera asanabwere, ndipo pambuyo pake America inayamba kulipira ankhondo awo malipiro a mwezi ndi mwezi. Mtsogoleri wachipembedzo wa Ashia, Muqtada al-Sadr, analamula gulu lake lankhondo kuti lileke kumenya mu Ogasiti 2007. Palinso chifukwa chomvetsa chisoni: chiphulitsire mzikiti wa al-Askari ku Samarra pa 22 Febuluwale 2006, Asunni ndi Ashia anathamangitsana m'madera amene ankakhala mosakanizikana, moti pofika kumapeto kwa 2007 madera ambiri a mu Baghdad anali a gulu limodzi, atazunguliridwa ndi makoma a simenti. Mtembo ukachepa mumsewu chifukwa chakuti amene akanaphedwa anathawira ku Syria ndi ku Jordan, chiwerengero chimaoneka bwino, koma banja lija silinabwerere kunyumba kwake.

Anaphiri a ku Leeds:
Ndikupempha kuti ndiwonjezepo za kuno ku Britain, chifukwa mkanganowu sunali wa ku Washington kokha. Robin Cook anatula pansi udindo m'boma la Tony Blair mu Marichi 2003 nkhondo isanayambe, koma amene akukhudzana kwambiri ndi nkhani yathuyi ndi Clare Short, nduna yoona za chitukuko cha mayiko ena. Iye anakhalabe m'boma nkhondo itayamba, ponena kuti akufuna kuthandiza pa ntchito yomanganso, kenako anatula pansi udindo pa 12 Meyi 2003 chifukwa bungwe la United Nations silinapatsidwe mphamvu zimene iye anati analonjezedwa. Asilikali a Britain anali ku Basra, ndipo kwa zaka zingapo nduna zinkanena kuti kum'mwerako zinthu zikuyenda bwino kuposa ku Baghdad. Pamene ankapereka chigawocho m'manja mwa boma la Iraq mu Disembala 2007, mzindawo unali m'manja mwa magulu ankhondo, moti mu Marichi 2008 nduna yaikulu ya Iraq Nouri al-Maliki anachita kutumiza asilikali kukaulanda. Kafukufuku amene anatsogolera John Chilcot, wotuluka mu Julayi 2016, anapeza kuti kukonzekera za pambuyo pa nkhondo kunali koperewera kotheratu. Asilikali a Britain 179 anafera kumeneko, ndipo mabanja awo anadikira zaka zonsezo kuti amve boma likuvomereza zimene iwo ankazidziwa kale kuchokera m'makalata a ana awo.

Mayi Nasibeko:
Zikomo Anaphiri. Mwandikumbutsa kuti ngakhale kawerengedwe kenikeni ka ziwawa kanali pa mkangano. Gulu la akuluakulu a zipani zonse ziwiri za ku America, lotsogoleredwa ndi James Baker ndi Lee Hamilton, linatulutsa lipoti mu Disembala 2006 lonena kuti zinthu zafika poipa ndipo zikuipirabe. M'lipotimo munali chitsanzo chimene sindimachiiwala: tsiku lina mu Julayi 2006 malipoti a boma analemba ziwembu 93, koma atafufuza bwino za tsiku lomwelo anapeza ziwawa pafupifupi 1,100. Munthu wophedwa mumsewu popanda wodziwa amene wamupha sankalowa m'kaundula. Bungwe la United Nations linawerenga anthu wamba oposa 34,000 ophedwa m'chaka cha 2006 chokha.

Chaka chotsatira aphungu a ku America anayesa kuthetsa mkanganowu pokhazikitsa mfundo 18 zoyezera boma la Iraq, monga lamulo logawana ndalama za mafuta ndi kubwezeretsa pantchito anthu amene anali a chipani cha Saddam cha Baath. Mu Julayi 2007 ofesi ya pulezidenti inati zinthu zikuyenda mokhutiritsa pa mfundo 8. Mu Sepitembala ofesi yoima payokha yofufuza ntchito za boma, ya GAO, inati mfundo zokwaniritsidwa zinali 3 zokha, 4 zinakwaniritsidwa pang'ono, ndipo 11 sizinakwaniritsidwe. Ofesi imodzi inkafunsa ngati munthu akuyenda, inzake inkafunsa ngati wafika. Patangopita masiku ochepa mkulu wa asilikali a America ku Iraq David Petraeus ndi kazembe Ryan Crocker anakaonekera pamaso pa aphungu, ndipo aliyense anatolapo zomukomera.

Bambo Kachingwe:
Mundilole ndibwerere ku zomangamanga, chifukwa kumeneko nyumba imaima kapena siima, ndipo mawu sangaibise. Mu Marichi 2003 Paul Wolfowitz, wachiwiri kwa nduna ya zachitetezo ya America, anauza aphungu kuti Iraq ndi dziko limene lingathe kudzilipirira lokha ntchito yomanganso, ndiponso posachedwa. Mwezi wotsatira Andrew Natsios, mkulu wa USAID, ananena pa wailesi yakanema kuti gawo la America silidzapitirira madola 1.7 biliyoni. Pofika Novembala chaka chomwecho aphungu anavomereza madola 18.4 biliyoni, atakangana kwambiri ngati ndalamazo zikhale ngongole kapena mphatso. Mu 2004 gawo lalikulu la ndalama za madzi ndi magetsi linasamutsidwira ku chitetezo. Pomaliza America inagwiritsa ntchito pafupifupi madola 60 biliyoni.

Munthu amene ndimamulemekeza pa nkhani yonseyi ndi Stuart Bowen, amene anaikidwa kukhala mkulu wofufuza ntchito zomanganso Iraq. Iyeyu anali loya wa Bush kuyambira ku Texas, choncho ambiri ankaganiza kuti adzaphimba zolakwa, koma anatumiza anthu ake kukaona nyumbazo ndi maso. Ndende ya Khan Bani Saad m'chigawo cha Diyala inadya madola 40 miliyoni n'kusiyidwa yosatha, osasungamo mkaidi ngakhale mmodzi. Pa zipatala zazing'ono 150 zimene zinakonzedwa, ofufuza anapeza mu 2006 kuti 6 zokha ndi zimene zinatha, ndalama zokwana madola 186 miliyoni zitapita. Ntchito ya mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa ku Fallujah inayamba mu 2004, mzindawo uli bwalo la nkhondo, ndipo inatenga zaka zambiri n'kudya madola oposa 100 miliyoni, koma inafikira gawo chabe la nyumba za mumzindawo. Ofesi ya Bowen inapezanso kuti madola 8.8 biliyoni a dziko la Iraq lenilenilo, amene anaperekedwa ku maunduna m'nthawi ya Bremer, analibe kalondolondo wokwanira, ndipo Bremer anayankha kuti ofufuzawo akuyembekeza mabuku a nthawi ya mtendere pakati pa nkhondo. Lipoti lomaliza la mu 2013 linati ndalama zosachepera madola 8 biliyoni zinawonongeka.

Chimene chimandipweteka kwambiri monga mmisiri ndi ichi: ntchito zambiri zinamangidwa popanda kufunsa amene adzaziyendetse. Makina amakono a magetsi ofuna gasi ankathiridwa mafuta olemera chifukwa ndi amene analipo, ndipo ankawonongeka msanga. Ntchito yotere m'mabuku imalembedwa kuti yatha tsiku lodula riboni, ndipo wandale akaitchula sanama, koma pakatha chaka pamalopo pamangotsala chikwangwani.

Chisomo Tembo:
Bambo Kachingwe, ngati malipoti amenewa ankatuluka poyera, n'chifukwa chiyani sanathetse mkangano? Ine ndikanaganiza kuti phungu akaona chithunzi cha ndende yosatha, asintha maganizo.

Bambo Mvula:
Ndiyankheko ine, mwana wanga, ngakhale yankho lake likundikhudza ndi ine ndemwe. Ambiri anali atamanga kale dzina lawo pa voti ya mu Okutobala 2002 yovomereza nkhondo, ndipo kuvomereza lipoti kunali kuvomereza kuti analakwa pa nkhani imene ana a anthu anafera. Komanso onani mmene mbali zinasinthira mpando utasintha. Barack Obama ndi Joe Biden anatsutsa zowonjezera asilikali mu 2007. Atalowa m'boma, Biden ananena mu 2010 kuti Iraq ikhoza kukhala chimodzi mwa zipambano zazikulu za boma lawo, ndipo mu Disembala 2011 Obama anauza asilikali ku Fort Bragg kuti akusiya Iraq yodzilamulira, yokhazikika ndi yodzidalira. Nthawi imeneyo anali McCain amene ankachenjeza kuti zonse zikhoza kugwa. Mu Juni 2014 mzinda wa Mosul unalandidwa ndi gulu la Islamic State, asilikali amene America inawaphunzitsa ndi ndalama zambiri atathawa n'kusiya zida. Ine ndimakhulupirirabe kuti zimene zinapezeka mu 2008 zinali zenizeni ndipo zikanatha kusungidwa Maliki akanapanda kukankhira Asunni kunja, koma ndikudziwa kuti Bambo Kachingwe anena kuti maziko ake anali osalimba kuyambira pamene Bremer anathetsa gulu lonse la asilikali a Iraq mu Meyi 2003.

Bambo Kachingwe:
Mwandinenera kale, achimwene. Amuna pafupifupi 400,000 odziwa mfuti anachotsedwa ntchito ndi lamulo limodzi, ndipo aphunzitsi, madokotala ndi mainjiniya ambiri anachotsedwanso chifukwa cha chipani cha Baath. Ena mwa iwo ndi amene ankadziwa pamene paipi iliyonse ya mu Baghdad inadutsa.

Anaphiri a ku Leeds:
Ine ndikamawerenga zonsezi ndimaona kuti mayina onse amene tatchula pa mkanganowu ndi a ku Washington ndi ku London, ndipo a ku Iraq akungotulukira ngati amalonda a pamsika ofunsidwa alendo atapita. Pamene ofesi ya Bowen inkakonza lipoti lomaliza, inafunsa atsogoleri a Iraq, kuphatikizapo Maliki, ndipo dandaulo limene linabwerezedwa linali lakuti America sinkawafunsa mokwanira posankha ntchito. Mu 2018, patatha zaka 15 chiyambire nkhondo, anthu oposa 100,000 a ku Basra anapita kuchipatala chifukwa cha madzi oipa, mumzinda umene uli pafupi ndi zitsime zazikulu za mafuta a dzikolo, ndipo achinyamata anatentha nyumba za boma pokwiya. Chaka chomwecho pa msonkhano wa ku Kuwait, boma la Iraq linati likufuna madola 88 biliyoni omangiranso madera amene anawonongeka pomenyana ndi Islamic State, ndipo malonjezo anakwana pafupifupi madola 30 biliyoni, ambiri mwa iwo ngongole. Mayi Nasibeko, ngati muli ndi zolemba za aphungu a ku Baghdad eni ake pa zaka za 2005 mpaka 2008, makamaka za mkangano wa lamulo la mafuta, ndikupempha kuti mutibweretsere, chifukwa ndikufuna kumva mmene iwo ankayezera zaka zimenezo.

Mayi Nasibeko:
Ndili nazo zochepa za mkangano wa pakati pa boma la Baghdad ndi Akurdi a ku Erbil pa lamulo la mafutalo, limene nduna zinavomereza mu Febuluwale 2007 koma nyumba ya malamulo sinalikhazikitse. Ndizisanja bwino ndipo ndizibweretsa Loweruka.